Mukaitanidwa ku Msonkhano wa Ophunzira ku Zomba, Yambani Mwafunsa Kogona

Kalata yafika. Okonza msonkhano wa akatswiri a kafukufuku ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba avomera kuti mudzawerenge pepala lanu. Musathamangire kuuza a kunyumba, ndipo musayambe kukonza masilaidi. Pitani kaye ku ndime yomaliza ya kalatayo, ija ya tizilembo ting'onoting'ono, chifukwa tsogolo lanu lagona pamenepo. Ngati palembedwa kuti aliyense adzionere yekha mayendedwe ndi malo ogona, dziwani kuti pepala lanu alikonda koma inuyo sakukudziwani. Ngati palembedwa kuti mudzalandira alawansi, gwadani pansi muthokoze Mulungu. Koma mukaona mawu akuti fulu bodi, ndiye kuti adzakugonekani pabwino, adzakudyetsani katatu pa tsiku, ndipo mudzabwerera kwanu masaya atatuluka koma m'thumba muli pululu. Ana adzakuchingamirani pa geti, inu n'kuwapatsa bolopeni ndi kachikwama kolembedwa dzina la msonkhano.

Fulu bodi sinagwe kumwamba. Anabwera nayo ndi mabungwe akunja amene amalipirira misonkhano yambiri m'dziko muno, ataona kuti kuno kuli anthu a luso lapadera, otha kupezeka pa misonkhano iwiri tsiku limodzi, wina ku Mangochi wina ku Salima, n'kusaina konsekonse. Basi mabungwewo anayamba kulipira okha ku hotela. Anachimwa ndi ena, koma chilango chagwera inu, mphunzitsi wachinyamata amene mumawerengera kaenivelopu kaja kuti mulipire lendi. Musakwiye, idyani. Pa fulu bodi munthu wanzeru amalandira alawansi yake kudzera pakamwa: nkhuku, chambo ndi nyama ya mbuzi m'mbale imodzi, n'kubwereranso kukaona ngati mpunga watsalako.

Tiyerekeze kuti mwagwera m'gulu lodzionera lokha, pakuti ambirife timagwera momwemo. Lembani kalata yopempha ndalama kuntchito kwanu. Idzafuna siginecha ya mkulu wa dipatimenti, ya a dini, ndi ya bwana wina wa zachuma amene jekete lake limakhala pampando chaka chonse koma mwini wake "wangotuluka pang'ono". Mukatha kuzungulira maofesi onse adzakuuzani mawu okoma akuti pitani kaye ndi ndalama zanu, tidzakubwezerani. Apa kumbukirani za akuluakulu zija, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti kamodzi n'kamodzi, moti amene ankadikira kubwezeredwa ndalama ya chipinda anadzalandira ya chakudya cham'mawa. Choncho pitani ku banki m'khonde ya m'dera lanu. Amayi a kumeneko safuna siginecha ya a dini, ndipo ndalama imatuluka tsiku lomwelo. Za chiwongoladzanja mudzakambirana mukabwerako.

Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko lino mpaka 1975, koma sitima sifikako ndipo ndege za anthu wamba siziterako. Aliyense amalowa mumzindawu pa matayala, kaya ndi pulofesa wa ku Oslo amene watsikira ku Chileka n'kupeza munthu atanyamula chikwangwani cha dzina lake, kaya ndinu amene mukudziwika ndi kondakitala yekha, ndipo iye akukutchulani kuti "a jekete".

Ngati mukuchokera ku Lilongwe, pali makilomita pafupifupi 300, ndipo njira yotchipa kuposa zonse ndi kupempha malo m'galimoto ya pulojekiti ya a pulofesa. Ndalama simulipira, mumalipira makutu. Kuchokera pa Bunda Turn-off mpaka ku Ntcheu mudzamva mmene iwo anavutikira ndi chisanu ku Scotland pochita digiri yawo yachitatu, ndiponso mmene ana a masiku ano aleka kuwerenga. Vomerani zonse. Mawu akuti "zoonadi, a Pulofesa" ndiwo tikiti yanu, ndipo muziionetsa pafupipafupi. Mukayandikira tologeti ya pa Kalinyeke ku Dedza, tsekani maso mugone tulo tofa nato, mudzadzuke galimoto itadutsa. Tulo tomweto tikugwireninso pomwetsa mafuta.

Pa Lizulu galimoto idzaima, chifukwa palibe galimoto ya pulojekiti imene inadutsapo pamenepa osaima. A pulofesa adzagulira alamu awo a ku Zomba tomato, kabichi, anyezi ndi thumba la mbatata ya kachewere, ndipo zonsezi zidzakhala pamiyendo panu pamodzi ndi laputopu. Musang'ung'udze, pakuti pamalo pano pali mwayi umene ambiri sauona. Msewu wa M1 pamenepa ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Wolokani msewu, gulani nthochi tsidya linalo, bwererani. Tsopano mukhoza kulemba mu lipoti lanu, popanda kunama, kuti ulendo wa ku msonkhanowu unakufikitsani kunja kwa dziko. Mukapatuka pa Chingeni n'kudutsa Balaka vulani jekete, chifukwa ku Liwonde, powoloka Shire pa Kamuzu Barrage, dzuwa silidziwa za madigiri a munthu. Koma musaliike patali. Mukakwera mapiri a Machinga n'kudutsa Malosa ndi Domasi mudzalifunanso, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene chiperoni chimakuta phiri la Zomba.

A ku Blantyre amanyada kuti kwawo n'kufupi, makilomita osafika 70 pa msewu wa M3, ndipo n'chifukwa chake amafika mochedwa kuposa wina aliyense. Ku Limbe mudzapeza minibasi imene yatsala munthu mmodzi kuti inyamuke. Munthu mmodziyo si inu. Mukangokhala pansi mudzaona anthu atatu amene munawapeza mkatimo akutsika mmodzimmodzi, chifukwa ntchito yawo ndi yokhala m'minibasi kuti izioneka yodzadza. Musawanyoze, ndi akatswiri anzanu amenewo, nawonso amalipidwa chifukwa chokhala pampando. Ikanyamuka idzaima pa Njuli, pa Namadzi, pa Thondwe, ndi paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale amene amangodzikanda m'mutu. Mukafuna changu kwerani Sienta, galimoto imene anthu a ku Japan anaipangira anthu 7 chifukwa chosadziwa masamu.

Mwafika, ndipo apa ndiye mutchere khutu. Zomba anamangidwa m'tsinde mwa phiri, ndipo kuyambira nthawi ya atsamunda udindo wa munthu unkadziwika poona kuti amagona pamwamba bwanji. Azungu a boma anamanga nyumba zawo chakumtunda, kozizira, kochepa udzudzu. Nyumba imene munkakhala mtsamunda Harry Johnston, imene pambuyo pake inadzakhala Hotel Masongola, ili komweko, pafupi ndi munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanical Gardens. Makalaliki, asilikali ndi ophika ankagona kumunsi. Atsamunda anapita mu 1964, likulu linasamukira ku Lilongwe, aphungu a Nyumba ya Malamulo anatsatira mu 1994, koma lamulo la phirili silinasamuke. Msonkhano uliwonse umalitsata mosaphonya.

Pamwamba penipeni, ku Sunbird Ku Chawe, kumagona mlendo wodzayankhula koyamba, nthumwi za mabungwe opereka ndalama, ndi azungu awiri atatu amene akhala akufufuza za umphawi wathu kwa zaka zambiri ndipo amaudziwa kuposa eni akefe. Kumeneko madzulo amasonkha moto wa nkhuni, ndipo kukacha bwino munthu amaona chigwa chonse, nyanja ya Chilwa, mpaka phiri la Mulanje. Umphawi ukamaonedwa kuchokera pamenepo umaoneka wobiriwira bwino. Ngakhale mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inakwera phirili mu 1965 kudzaona chigwacho, ndipo pamene inaima pamatchedwa Emperor's View mpaka lero. Inu simudzagona kumeneko. Ndangokuuzani kuti mudziwe kumene kukakambidwe za tsogolo lanu inu kulibe.

Chapakati pa phiri, m'nyumba zakale za atsamunda zimene zinasanduka maloji, mumagona a pulofesa ndi madokotala amene ali ndi pulojekiti. Kuli kapinga, kuli jenereta, kuli apusi obera alendo buledi patebulo. Mtengo wa chipinda amayamba autchula m'madola, kenako n'kukuwerengerani mokoma mtima m'makwacha kuti mukomoke m'ndalama ya kwanu.

Inu malo anu ali kumunsi, cha kumsika ndi kudepoti, kumene kuli nyumba zogona alendo za mayina otonthoza mtima. Musalipire musanaone chipinda. Mukafunsa ngati madzi otentha alipo adzakuyankhani kuti alipo bwana, ndipo sakunama: alonda adzawatereka pa mbaula m'bandakucha n'kukugogoderani ndi ndowa. Mukafunsa za intaneti adzakuuzani kuti imagwira bwino mukaima pansi pa mtengo wa mango. Pansi pa bedi mudzapeza mapatapata, lina lofiira lina lobiriwira. Si kusokoneza ayi, ndi nzeru za eni nyumba, kuti mlendo asagwe m'mayesero n'kupita nawo. Sopo adzakupatsani kachidutswa kongokwana nkhope ndi khwapa limodzi, choncho sankhani mofatsa. Neti ilipo, ndipo mabowo ake ndi aakulu bwino kuti udzudzu umene wakhuta usavutike potuluka. Yang'anani kumene kuli bala. Ngati khoma la chipinda chanu ndi lomwelo la bala, pepala lanu mudzaliloweza motsagana ndi nyimbo mpaka 3 koloko m'mawa, ndipo kukacha mudzadzidabwa mukufotokoza zotsatira za kafukufuku uku mukugwedeza phewa. Mukaona kuti alendo a chipinda choyandikana nacho asintha katatu usiku umodzi, musafunse. Nawonso ali pa msonkhano wawo.

Polipira, mtsikana wa pakauntala adzatsegula buku la malisiti, n'kukuyang'anani m'maso, n'kufunsa kuti, "Tilembe zingati, bwana?" Funso limeneli ndi lakuya kuposa onse amene mudzafunsidwe mu Great Hall ya pa yunivesite. Mtsikanayo waona zambiri. Akudziwa kuti alipo akatswiri amene thupi lawo limagona kumunsi koma lisiti lawo limagona chapakati pa phiri. Ine sindikuuzani choyankha, koma yankho lanu lidzaonetsa ngati munabwera kudzafufuza choonadi kapena kudzachikonza pang'ono.

Ena amati n'kuonongeranji ndalama pamene ku Matawale kapena ku Chinamwali kuli alamu. Malo aulere ndiwo odula kuposa Ku Chawe. Simungalowe m'nyumba ya eni chimanjamanja, ndiye shuga, buledi ndi mafuta ophikira. Usiku woyamba mayunitsi a magetsi adzatha inu mukutchaja laputopu, ndipo maso onse adzatembenukira kwa inu. Usiku wachiwiri adzakubweretserani mwana amene anakhoza bwino Fomu 4 koma sanasankhidwe, kuti poti inu mumamwa tiyi ndi akuluakulu a pa yunivesite mukangomunenerako mawu amodzi. Mudzagona pabalaza, ndipo mudzayamba mwadikira kuti banja lonse limalize filimu ya ku Nigeria, gawo loyamba ndi lachiwiri lomwe.

Otsikitsitsa pa onse ndi a ku Chikanda, dera loyandikana ndi yunivesite kumene ophunzira osowa malo m'mahositelo amachita lendi. Ngati muli ndi mphwanu kapena mwana wa achemwali anu kumeneko, matiresi oyala pansi sangasowe. Ubwino wake ngwakuti ku msonkhano mudzapita wapansi. Kuipa kwake n'kwakuti pamzere wa kubafa mudzakumana, thaulo lili m'chiuno, ndi mnyamata amene masana adzakhale akuyendetsa chimkuzamawu pa nthawi ya mafunso. Fufuzaninso ngati sabata imeneyo kuli mwambo wopereka madigiri. Ngati uliko, mabanja onse a m'Malawi amakhala ali ku Zomba, ndi agogo omwe, ndipo ngakhale chipinda cha khoma la bala chija chimakhala ndi mwini.

Za malo ogona musamadandaule mokweza pagulu, chifukwa mzinda uno uli ndi mbiri yogoneka anthu ophunzira mwaulere. Mu 1987 apolisi anatenga Jack Mapanje, mlakatuli amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, n'kukamusunga ku ndende ya Mikuyu, kunja pang'ono kwa tawuni, mpaka 1991, osamuzenga mlandu. Imeneyo ndiyo inali fulu bodi yosapempha. Mu 2011 mphunzitsi wa maphunziro a zandale, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi m'dziko muno chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso zimene zinachitika ku Tunisia ndi ku Egypt, ndipo maphunziro anaima miyezi yambiri aphunzitsi akumenyera ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Tsono ngati mwachedwa chifukwa galimoto inagona pamzere wa mafuta, ingonenani kuti pa Dedza panali chifunga.

M'mawa a kumtunda amatsika pa kabasi ka msonkhano. Inu kwerani kabaza, wa njinga yakapalasa kapena yamoto, malinga ndi mmene amayi a banki m'khonde anakuchitirani chifundo. Mumuuze kuti mukupita ku Chanco, dzina lachidule la Chancellor College ija. Koleji imeneyi inasamukira pa Chirunga kuchoka ku Chichiri mu 1973, ndipo ngakhale mu 2021 inatsala yokha ndi dzina la Yunivesite ya Malawi, pamene Poly inakhala MUBAS ndipo makoleji a udokotala ndi unamwino anakhala KUHeS, wa kabaza amadziwa Chanco basi. Mukamutchulira dzina lalitali akweza mtengo. Musatsikire pakhomo pa Great Hall. Tsikani chapatali, pukutani nsapato, valani kachingwe ka dzina m'khosi, ikani foni kukhutu, ndipo lowani mukuyankhula mokweza za bajeti ndi munthu amene kulibe. Pa tiyi wina adzakufunsani kuti mwafikira kuti. Musatchule dzina. Kwezani dzanja molozera chakuphiri, nenani kuti "cha uku", n'kuluma samusa. Munthu akaima pa Chirunga, pafupifupi tawuni yonse ili cha uku.

Za msonkhano wa masana sindichulutsa. Mlendo wolemekezeka adzafika 11 koloko pa mwambo wa 8 koloko, woyankhula aliyense adzayamba walonjera maudindo onse amene ali m'holomo, kenako chithunzi cha gulu, kenako tiyi. Mphindi 20 zimene anakulonjezani zidzasanduka 7, tsiku lomaliza, nkhomaliro itangotha, m'chipinda mmene muli wapampando, inuyo, ndi anthu atatu amene akulimbana ndi nsima m'mimba. Magetsi akazima pa silaidi yachiwiri pitirizani, palibe amene anali kuyang'ana. Chachikulu n'chakuti pepala losainira mayina likamazungulira lisakudutseni.

Msonkhano weniweni umayamba dzuwa likalowa, ndipo umachitikira kumtunda. Pa chakudya chamadzulo kuphiri ndi pamene anthu amagawana mapulojekiti a chaka chamawa, amasankhana oti alembe mitu ya m'buku, ndi kuitanirana ku misonkhano ya ku Cape Town ndi ku Edinburgh. Pa pulogalamu palembedwa kuti onse ndi olandiridwa, ndipo n'zoona. Chimene sanalembe n'chakuti kabasi kamakwera 6 koloko ndipo sikatsikanso, pakuti onse okwera amagona komweko. Msewu wa kuphiri ndi wokhotakhota, usiku kumakhala mdima wa ndiwe yani, ndipo wa kabaza amene angavomere kukakutengani kumeneko nthawi imeneyo ndi woti mumuope. Nzeru za dziko lino zimasefedwa motero. Amene ali ndi funso labwino amakhala ali kumunsi akudya chipisi cha pachiwaya, pamene amene ali ndi galimoto akugwirizana kuti kafukufuku wotsatira akhale wa chiyani.

Mankhwala ake ndi dalaivala. Madalaivala a magalimoto a mapulojekiti sagona kumtunda. Akatula mabwana awo amatsika, ndipo amagona m'nyumba yomweyo mwafikira inuyo, mwina khomo loyang'anizana ndi lanu. Musamuderere munthu ameneyu. Mulonjereni kuti "madala", mugulireni chakumwa, mufunseni za msewu. Iye wayenda misonkhano yambiri kuposa a dini anu. Amadziwa bwana amene ali ndi ndalama ndi amene wangotsala ndi timakadi ta dzina, amadziwa amene anakangana m'galimoto ndi chimene anakanganirana, ndipo alawansi yake analandira kale asanalize injini. Akakukondani adzakukwezani kuphiri n'kukutsitsaninso, ndipo m'njira adzakuuzani munthu woti mukakhale naye pafupi.

Kumtundako wina, kaya mzungu kaya m'bale wathu wa ku likulu, adzakugwirani chanza n'kukuuzani kuti pepala lanu linamugwira mtima, ngakhale pa nthawi imene munkaliwerenga iye anali ku Williams Falls akujambula zithunzi. Kenako adzakufunsani ngati mungamuthandize kufunsa mafunso asodzi a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, popeza inu mumamva chiyankhulo chawo. Vomerani. Mudzayenda m'matope miyezi itatu, ndipo buku likadzatuluka dzina lanu lidzakhalamo ndithu, pa tsamba lothokoza, pakati pa dalaivala uja ndi mayi amene ankaphika.

Pobwerera gulani kanthu ka ana. Kuphiri amagulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu, ndipo kumsika kuli mpunga ndi matemba a ku Chilwa, ngati nyanjayo ili ndi madzi chaka chimenecho, pakuti ili ndi chizolowezi chophwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018. Masitiroberiwo muwadye musanafike pa Liwonde. Akapitirira pamenepo m'minibasi amasanduka jamu, ndipo m'chikwama chonse amasankha satifiketi yanu ya msonkhano.

Lolemba m'mawa a zachuma adzafuna malisiti a chilichonse. La chipinda muli nalo. La minibasi kulibe, la chipisi kulibe, ndipo wa kabaza mukanamupempha lisiti akanayesa ndinu a khonsolo n'kuthawa ndi chenji chanu. Anzanu odziwa zinthu amagula kabuku ka malisiti m'sitolo ya zolembera, n'kukhala pansi Lamlungu madzulo kukumbukira ulendo wonse mwatsatanetsatane. Mukasankha njira imeneyi, lembani ndi dzanja lamanzere. A akauntanti amadziwa bwino kalembedwe kanu, pakuti mafomu anu onse opempha ngongole ya pa malipiro ali m'kabati mwawo.